Kusintha masipuloketi kuti injini ipumeko pa msewu waukulu: momwe ntchito ikuyendera

Chomwe ndikufuna

Ndikamayenda pa 100 km/h pa msewu waukulu, ndikufuna injini izizungulira mocheperako kusiyana ndi pano. Njinga yanga yamoto ndi ya silinda imodzi, magiya 6, tcheni cha 520, ndipo inabwera ndi sipuloketi (kagudumu ka mano komwe tcheni chimayendapo) ya mano 15 kutsogolo ndi ya mano 45 kumbuyo. Mu giya 6, pa 100 km/h yeniyeni yoyezedwa ndi GPS ya pafoni, singano ya rpm (maulendo omwe injini imazungulira pa mphindi imodzi) imakhala pa 6,500. Sikuti injini ili pangozi ayi, mzere wofiira wosonyeza malire a rpm uli patali ndithu. Vuto ndi lakuti kuyambira cha m'ma 6,300 kukafika 7,000 ndi pomwe njingayi imanjenjemera kwambiri. Magalasi amasiya kuonetsa zolongosoka, zopondera zimanyerenyetsa mapazi, ndipo ukayenda nthawi yaitali zala za dzanja lamanja zimachita dzanzi. Phazi limangofunafuna giya 7 yomwe kulibe.

Tcheni nachonso chatopa, choncho nthawi yosinthira ndi yomweyi. Sipuloketi yatsopano pa tcheni chotha imadyeka msanga, ndiye ndi bwino zonse zitatu zilowe pamodzi.

Masamu kaye, sipanala pambuyo

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Umatenga mano akumbuyo n'kugawa ndi mano akutsogolo. Panopa ndi 45 kugawa ndi 15, yankho 3.00, kutanthauza kuti sipuloketi yakutsogolo imazungulira katatu kuti tayala lizungulire kamodzi. Nambala imeneyi ikatsika, rpm imatsika nayo mofanana pa liwiro lomwelo. Ikakwera, njinga imanyamuka mwamphamvu koma injini imakuwa pa msewu waukulu.

Ndalemba zomwe ndingasankhe. Ya mano 16 kutsogolo ndi 45 kumbuyo ikupereka 2.81, ndiye 6,500 ija itsika kufika pafupifupi 6,100. Kusiya 15 kutsogolo n'kuika 42 kumbuyo kukupereka 2.80, zomwe zili chimodzimodzi. Apa ndi pomwe pamachokera mawu omwe amakaniko amakonda kunena akuti dzino limodzi kutsogolo n'chimodzimodzi mano atatu kumbuyo. Ndi zoona pa njinga yomwe nambala yake ili pafupi ndi 3, osati pa njinga iliyonse. Kusintha zonse ziwiri, 16 ndi 42, kukupereka 2.63, rpm n'kukhala pafupifupi 5,700.

Papepala 5,700 ndi yomwe imakopa. Koma rpm yomwe wachotsayo imapita ndi mphamvu yokankha tayala. Kutsitsa nambala ndi 6 peresenti ndi kuchotsa 6 peresenti ya mphamvu yokankha mu giya iliyonse, kuyambira yoyamba mpaka yomaliza. Ndipo pa msewu waukulu mdani wamkulu ndi mphepo. Kukana kwa mphepo kumakula mofulumira kuposa liwiro: kuchoka pa 100 kufika pa 120, mphepo imakukankha mowonjezereka ndi 44 peresenti, ndipo mphamvu yomwe injini iyenera kutulutsa kuti ithane nayo imakwera ndi pafupifupi 73 peresenti. Injini yaing'ono ilibe mphamvu yambiri yotsala pa liwiro lotere. Funso lomwe ndiziyesa si lakuti rpm ingatsike mpaka pati, koma lakuti giya 6 ikhalabe giya yomwe injini ingaikoke kukakhala mphepo, chitunda kapena katundu.

Ndasankha kuyamba ndi 16 kutsogolo. Sipuloketi yaikulupo kutsogolo imapinda tcheni mocheperako, ndiye tcheni chimakhalitsa, komanso chimakwera pang'ono osakhula kwambiri pulasitiki yoteteza swingarm, chitsulo chomwe chimagwira tayala lakumbuyo. Mnzanga wina ali ndi ya mano 42 yomwe anangoigwiritsa ntchito kanthawi kochepa, wavomera kundibwereka kuti ndidzaiyese pambuyo.

Kuyang'ana zakale

Ndisanamasule chilichonse ndagwira tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yaikulu n'kuchikoka. Chatuluka mpaka theka la dzino kuonekera. Tcheni chabwino sichichoka pamano choncho. Mano akutsogolo apindikira mbali imodzi ndipo nsonga zake zasongoka, pomwe dzino latsopano limakhala lofanana mbali zonse ziwiri, nsonga yake yophwatalala.

Nambala ya tcheni ili ndi tanthauzo, ndipo ndi yofunika pogula. Pa 520, nambala yoyambayo imanena mtunda wa pakati pa mapini awiri, womwe ndi 15.875 mm, ndipo ziwiri zotsatirazo zimanena kukula kwa mpata womwe dzino limalowamo, womwe ndi 6.35 mm. Tcheni cha 525 ndi cha 530 zili ndi mtunda wa mapini womwewo koma mpata wake ndi waukulupo, pomwe cha 428 mapini ake atalikirana 12.7 mm. Sipuloketi ya 525 siingalowe pa tcheni cha 520 ngakhale mano atakhala ofanana kuchuluka. Malinki 20 a tcheni chatsopano cha 520 amatalika 317.5 mm. Changa ndachikoka n'kuyeza, chadutsa malire omwe buku la njingayi limalola.

Ndachotsanso chivundikiro cha sipuloketi yakutsogolo kuti ndione ngati ya mano 16 ikwana. Dzino limodzi lowonjezera limakulitsa sipuloketi ndi pafupifupi 5 mm kuchoka mbali ina kufika mbali ina, ndiye 2.5 mm mbali iliyonse. Kutsogolo kwa sipuloketi kuli kachitsulo kokhota komwe kamateteza injini tcheni chikaduka. Mpata ulipo koma ndi wochepa. Ya mano 17 siikanalowa popanda kuchotsa kachitsuloko, ndipo ine sindingakachotse. Tcheni chikaduka pa liwiro chimatha kuboola injini.

Kumanga

Nati ya sipuloketi yakutsogolo ndi yomwe imavuta, ndipo imamasulidwa tcheni chakale chikadali pomwepo, tayala lili pansi. Ndaongola kaye washa yomwe imapindidwa pa nati kuti isamasuke, mnzanga n'kukhala panjinga ataponda buleki yakumbuyo, ine n'kukoka ndi sipanala ya chogwirira chachitali. Ena amangolowetsa giya n'kukoka, koma kutero ndi kupatsa mano a m'giyabokosi katundu yemwe buleki ikanamunyamula mosavuta. Inakana kanthawi, kenaka n'kulira kamodzi, n'kumasuka.

Kuseri kwa sipuloketi kunali matope a girisi wosakanikirana ndi mchenga, olimba moti ndachita kuwapala ndi kamtengo. Ndatsuka ndi palafini. Mizere ya pa shafti yomwe sipuloketi imalowapo ili bwino, siinadyeke, ndipo labala yotseka oyilo kuseri kwake siikudontha.

Sipuloketi yatsopano ili ndi kakhosi kotukuka mbali imodzi. Ndaziika pamodzi ndi yakale patebulo kuti ndione mbali yomwe kakhosiko kamayang'ana, chifukwa ukaitembenuza, mano amasuntha mamilimita angapo ndipo tcheni chimayenda mopingasa. Kusiyana kwina n'kwakuti yakale ili ndi labala m'mbali zonse ziwiri yochepetsa phokoso, yatsopanoyi ndi chitsulo chokhachokha. Ndikuyembekezera kuti izilira pang'ono.

Kumbuyo ndaika ya mano 45 yatsopano. Nditachotsa tayala ndayang'ana malabala omwe amakhala pakati pa chonyamulira sipuloketi ndi habu (pakati pa tayala), omwe amafewetsa kugunda ukawonjezera moto kapena kuchepetsa. Akadali olimba, ndawabwezera. Manati a sipuloketi ndamanga modumphitsa, osati motsatana, ndi sipanala ya torque, yoyeza mphamvu yomangira, pa nambala ya m'buku.

Tcheni chatsopano ndi cha O-ring, chokhala ndi timalabala tosunga girisi pa mapini, malinki 110 monga chakale. Ambiri amafunsa ngati dzino lowonjezera limafuna tcheni chachitali. Nthawi zambiri ayi. Tcheni chimakuta pafupifupi theka la sipuloketi, ndiye dzino limodzi limadya theka la linki, ndipo theka limeneli limagawidwa pakati pa tcheni cham'mwamba ndi cham'munsi. Mapeto ake ekiselo ya tayala lakumbuyo imangosunthira kutsogolo pafupifupi 4 mm. Malo osunthirapo analipo okwanira.

Linki yolumikizira ndi ya kaloko, kachitsulo kooneka ngati U komwe kamagwira mapini kuti mbale yakunja isachoke. Ndapaka girisi pa mapini ndi pa timalabala, n'kufinya mbale yakunja mpaka mizere ya pa mapini kuonekera bwino. Mbali yotseka ya kaloko iyenera kuyang'ana komwe tcheni chikupita, kuti kakakhudza chinthu kasavuke. Kulendewera kwa tcheni ndakuika pa 30 mm, malinga ndi buku, ndipo ndayezera pamalo pomwe tcheni chimakhala chothina kwambiri nditazunguza tayala. Zizindikiro za pa swingarm sindizikhulupirira zokha, ndiye ndagwada kumbuyo n'kuyang'ana mzere wa tcheni ndi diso limodzi kuti ndione ngati chikulowa pa sipuloketi molunjika. Washa yatsopano, nati, kupinda washa, chivundikiro. Ndazunguza tayala ndi dzanja kumvetsera ngati pali chokhula pa kachitsulo koteteza kaja. Palibe.

Kanthu kena kongosangalatsa: malinki 110 ndi mano 15 onse amagawika ndi 5, choncho dzino lililonse linkakumana ndi malo 22 okha pa tcheni moyo wake wonse. Ndi mano 16 lizikumana ndi malo 55. Sindikuganiza kuti ndidzaona kusiyana kwake ndi maso, koma n'kwabwino kudziwa kuti kudyeka kuzigawika mokulirapo.

Kuyesa 16 ndi 45

Ponyamuka ndi pomwe kusintha kumamveka koyamba. Giya yoyamba yatalika, ndiye kilatchi uyenera kuisiya mochedwerapo pang'ono ndi kuwonjezera moto pang'ono. Sizovuta, dzanja lazolowera msanga. M'chipwirikiti cha magalimoto oyenda ngati akuyenda pansi, njinga ikufuna kuthamanga kuposa mzere, ndiye kilatchi ikugwira ntchito yambiri kusiyana ndi kale. Mbali yabwino ndi yakuti giya yoyamba siikutha msanga, kale inkatha usanawoloke mphambano.

Pa msewu waukulu, 100 km/h ya GPS ikubwera pa 6,100, monga momwe pepala linanenera. Kusiyana kwa 400 rpm kumaoneka kochepa ukakulemba, koma kwandichotsa m'dera lonjenjemera lija. Magalasi akuonetsa galimoto yomwe ili kumbuyo, osati mthunzi wake. Zopondera zakhala chete. Ndikakwera kufika pa 110, singano ikufika 6,700 ndipo kunjenjemera kukubwereranso, choncho sindinganene kuti vuto latha, langosunthira pa liwiro lomwe sindikhalitsapo.

Popitirira lole ndiyenera kubweza giya 5, pomwe kale nthawi zina ndinkangowonjezera moto mu giya 6. Pa zitunda zazitali koma zosakwera kwambiri giya 6 ikugwirabe 100, ngakhale moto uyenera kutsegulidwa kwambiri. Ndikatseka moto injini siikugwira njinga mwamphamvu ngati kale, ndiye potsetsereka ndikumagwiritsa ntchito buleki kapena kubweza giya msangako. Kaphokoso ka sipuloketi yopanda labala kakumveka pa liwiro lochepa, kenaka mphepo imakaphimba.

Nditabwerako ndayang'ana nati, kaloko ndi kachitsulo koteteza. Palibe pomwe pakhulika.

Nkhani ya sipidomita

Iyi ndi yofunika kuilemba payokha. Njinga zina zimawerenga liwiro kuchokera ku tayala lakutsogolo, ndipo kusintha masipuloketi sikuzikhudza. Yanga imawerengera m'giyabokosi, ndiye siidziwa kuti sipuloketi yasintha. Imangoona shafti ikuzungulira n'kuganiza kuti tayala likuzungulira monga kale.

Ndi 15 ndi 45, sipidomita ikamati 100, GPS inkati 93. Zimenezi si zachilendo. Opanga amachita dala kuti sipidomita izinena mopitirira pang'ono, chifukwa malamulo omwe maiko ambiri amatsatira, monga Regulation 39 ya UNECE (nthambi ya United Nations yoona za chuma ku Ulaya), salola kuti ionetse liwiro lotsika kuposa lenileni, koma amalola kuti ipitirire mpaka 10 peresenti kuphatikizapo 4 km/h. Ndi 16 ndi 45, sipidomita ikamati 100, GPS ikuti 99. Yakhala yonena zoona mwangozi. Tanthauzo lake n'lakuti mpata womwe ndinali nawo uja watha. Kale ndikaona 100 ndinkadziwa kuti ndili pansi pake ndithu, pano 100 ndi 100.

Chowerengera makilomita nachonso chakhudzidwa, ndipo ichi ndi chomwe anthu amaiwala. Pano chikuwerenga mochepa ndi pafupifupi 6 peresenti poyerekeza ndi kale. Ndikamawerengera mafuta ndiyenera kuchulukitsa makilomita ake ndi 16 n'kugawa ndi 15, apo ayi zizioneka ngati njinga yayamba kumwa kwambiri. Nthawi yosinthira oyilo ndiziyifulumizako pang'ono pa chifukwa chomwecho.

Kuyesa 16 ndi 42

Ndaika ya mnzanga ija. Mano atatu ochoka kumbuyo abweza ekiselo pafupifupi 12 mm, ndipo zomangira zafika cha kumapeto koma zakwana osadula tcheni. Tcheni chikadzatambasuka malo osunthira adzakhala ochepa, ndiye wofuna kukhalitsa ndi 42 angafunike kuchotsa malinki awiri.

Pa msewu wosalala kopanda mphepo, n'zokoma kwambiri. Singano ili pa 5,700, injini ikungong'ung'udza pansipansi, manja ali phee. Ndikanangoyesa mbali imodzi yokha ya msewu ndikanaisiya pomwepo.

Pobwerera mphepo inali kumaso. Moto unatseguka mpaka kumapeto, liwiro n'kumatsika pang'onopang'ono, 98, 95, 92. Ukawonjezera moto injini imangosintha kulira koma njinga osapita patsogolo. Aliyense yemwe anayesapo kukwera chitunda pa njinga yakapalasa ali pa giya yolemera amadziwa momwe zimakhalira, umaimirira pa mapedulo koma tayala silimvera. Ndinabweza giya 5, njinga n'kudzuka, ndipo singano inakakhala pa 6,450. Apa ndiye nkhani yonse inaonekera poyera: ndi 16 ndi 42, giya 5 yasanduka giya 6 yakale ija, ndi kunjenjemera kwake komwe, ndipo giya 6 yatsopano ndi yogwiritsa ntchito pokhapokha zinthu zikakhala bwino. Pa ulendo weniweni, wokhala ndi mphepo, zitunda ndi malole, ndinapezeka ndikusinthasintha pakati pa 5 ndi 6 kosalekeza, zomwe n'zotopetsa kuposa dzanzi lomwe ndimathawa.

Kukoka injini ya silinda imodzi pa rpm yotsika moto uli wotsegula wonse sikuisamala ayi. Kugunda kulikonse kwa pisitoni kumafika mwamphamvu pa mabeyaringi, pa tcheni ndi pa malabala a mu habu. Injini yomwe ikuzungulira momasuka pa 6,500 ndi moto wa theka ili pabwino kuposa yomwe ikubuula pa 5,500 ndi moto wonse. Anthu ambiri amaopa phokoso la rpm yokwera, koma sindilo loyenera kuopa.

Ndayesanso kunyamuka pa chitunda ndi munthu kumbuyo. Kilatchi inafunika kuigwira nthawi yaitali mpaka kafungo kayamba kumveka. Liwiro lapamwamba silinakwere, mu giya 6 latsikako, chifukwa injini siikufikanso pa rpm yomwe imatulutsa mphamvu zake zonse. Ndipo sipidomita ikamati 100, GPS ikuti 106, ndiye yayamba kunena mochepera, komwe ndi kunama koopsa.

Kwa injini yaikulu, ya masilinda awiri kapena anayi, yomwe pa 100 km/h imagwiritsa ntchito kagawo kochepa ka mphamvu zake, kusintha kwa 12 peresenti kukhoza kukhala kwabwinobwino. Kwa iyi n'kopitirira. Ya mano 42 ndaitsuka, ibwerere kwa mwini wake.

Kubwerera pa 16 ndi 45, ndi za mafuta

Ndabwezera 45, ndayezanso tcheni ndi mzere wake. Nditayenda nayo pa msewu womwe uja ndi mphepo yofanana, giya 6 ikugwira 100 koma moto wotsala ndi wochepa. Pamenepa ndi pomwe pali malire a injini iyi, ndipo ndakhutira napo.

Za mafuta ndinalibe chiyembekezo chachikulu, ndipo ndi momwe zakhaliradi. Ndikakonza makilomita monga ndanenera, kusiyana kulipo koma n'kochepa moti mphepo ya tsiku limodzi ikhoza kukufafaniza. Chifukwa chake n'chomveka. Ntchito yoboola mphepo pa 100 km/h ndi yomweyo kaya sipuloketi ndi iti. Chomwe umapulumutsa makamaka ndi kukhulana kwa m'kati mwa injini, komwe kumachepa rpm ikatsika. Wofuna kusunga mafuta atsitse liwiro ndi 10 km/h, adzaona kusiyana kwakukulu kuposa kwa dzino limodzi. Palinso kamsampha kena: njinga ikasiya kunjenjemera umapezeka ukuyenda mothamangirapo osazindikira, mafuta omwe unapulumutsa n'kupita momwemo.

Zotsala

Tcheni chatsopano chimalendewera msanga m'makilomita oyamba, ndiye ndiziyeza pafupipafupi mpaka chikhazikike, ndikuyang'ananso kaloko nthawi iliyonse. Potsuka ndi kupaka mafuta injini izikhala yozimitsa, tayala ndizizunguza ndi dzanja, chifukwa tcheni choyenda ndi injini chadula zala za anthu ambiri. Kunjenjemera kwa pa 110 ndikufuna kukuyesa ndi zitsulo zolemererapo za kumapeto kwa mahandulo, komanso kuona ngati mabawuti ogwira injini ali omangika pa nambala yake. Ndigulanso sipuloketi yatsopano ya mano 15 yoti izikhala pambali, ya maulendo a katundu wambiri kapena a misewu yamapiri, popeza kuisintha kumangofuna kumasula nati imodzi ndi kubweza ekiselo 4 mm. Yakale ija siyibwereranso pa tcheni chatsopano.